Maluwa Kapena Utoto: Mmene Ndinasankhira Chochita Nditapuma pa Ntchito

(Awa ndi mawu amene analankhula mnzathu wa gulu limene linamaliza Fomu 4 mu 1979, pa msonkhano wathu wapachaka. Tawasindikiza onse monga ambiri munapemphera. Mkonzi)



Kalata yondipempha kuti ndidzalankhule lero itandipeza, ndinaseka ndekha. Pamalo pamene ndaimapa pakhala pakuima madokotala, maloya ndi akuluakulu a m'maofesi. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale wopuma, ndipo ndimakhala kumudzi, kufupi ndi Fort Lister m'boma la Phalombe. Amene mwandipatsa moni wa m'manja mwaona kale kuti zikhadabo zanga ndi zakuda. Musadandaule, ndasamba. Mmene zinadera ndiyo nkhani imene ndabwera nayo.

A komiti anandipempha kuti ndikambe za moyo wa munthu akapuma pa ntchito. Za moyo wa anthu onse sindingazithe. Ndingokamba za ine mwini, mmene ndinavutikira kusankha pakati pa ntchito ziwiri zamanja, kuyala maluwa ndi kunika nsalu ndi utoto wochokera ku zomera. Ena munena kuti ndi nkhani yaing'ono. Inenso ndinkatero ndisanakhale ndekha m'nyumba.

Ndinapuma pa ntchito mu 2020 nditaphunzitsa zaka zoposa 35. Chaka chotsatira bambo a kunyumba anatisiya. Ana ali m'tauni, aliyense ndi banja lake. Anthu obwera kudzapepesa atatha, ndinazindikira kuti tsiku ndi lalitali. Munthu amene wazolowera belu la 7 koloko amadzuka m'mamawa ngakhale palibe womuyembekezera. Ndinkasesa pabwalo kawiri, ndikuphika chakudya chimene sindinkachidya, kenako ndikukhala pakhonde kuyang'ana phiri la Michesi mpaka dzuwa kulowa. Magazi anayamba kuthamanga. Namwino wina kuchipatala, mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha mu Sitandade 5, anandipatsa mapiritsi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mankhwalawa muzimwa, koma mupezenso chogwira. Munkatiuza nokha kuti manja olobodoka amadwalitsa mutu." Ndinachita manyazi kulandira phunziro langa lomwe kuchokera kwa mwana.

Chinthu choyamba chimene chinabwera m'maganizo mwanga ndi maluwa. Anzanga a m'zaka za m'ma 1970 mukukumbukira mayi athu aja a zosokasoka, amene Loweruka lililonse ankasankha atsikana awiri kuti akakonze maluwa a m'holo. Ndi iwo anandiphunzitsa kuti duwa limadulidwa m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndi mpeni wakuthwa, mopendeketsa, ndipo limalowa m'madzi nthawi yomweyo. Ankatiuza kuti tsamba lililonse limene lingamire m'madzi lichotsedwe chifukwa likavunda limaononga madziwo, ndiponso kuti duwa lalitali lipose mtsuko wake kamodzi ndi theka. Ankatisimbiranso za mayi wina wa ku England, Constance Spry, amene anayala maluwa pa mwambo wolonga ufumu Mfumukazi Elizabeth II mu 1953, koma sankachita manyazi kuika masamba a ndiwo ndi zomera za kutchire pakati pa marozi. Mfundo yawo inali yakuti tisamanyoze zomera za kwathu.

Panalinso chifukwa china chimene sindinauze munthu. Pa maliro a bambo nkhata zambiri zimene zinaikidwa pamanda zinali za pulasitiki. Sindikudzudzula aliyense, anthu anagula zimene anazipeza. Koma patapita miyezi iwiri ndinapeza zitatuwa ndi dzuwa, zina mphepo itazimwaza m'manda a eni ake. Ndinalonjeza mumtima kuti ndidzabzala maluwa enieni, kuti ndizikaika pamandapo ndiponso paguwa kutchalitchi. Motero kuseri kwa nyumba ndinalima mabedi asanu ndi limodzi a marozi, madaliya, malili ndi maligodi. Siponji yobaikapo maluwa imene amagwiritsa ntchito m'tauni ndi yodula, choncho ndinkapinda waya wa khola la nkhuku n'kumuika m'kamwa mwa mtsuko. Pakati pa maluwa ndinkaikamo ngala za mapira ndi nsenjere. Lamulungu loyamba amayi anzanga anaima pakhomo kufunsana kuti wachita zimenezi ndani. Kunena zoona, ndinagona bwino usiku umenewo.

Chinthu chachiwiri chinabwera mwangozi. Tsiku lina ndikusenda mapeyala, nthangala inang'ambika n'kudetsa nsalu yanga yoyera yopukutira mbale. Ndinachapa katatu koma banga silinachoke, linangosanduka lofiirira. Pomwepo ndinakumbukira agogo anga aakazi. Iwo anali Alomwe amene anabwera ali mwana kuchokera ku Mozambique, nthawi imene anthu ambiri ankaoloka malire kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ankatisimbira za chiwondo, nsalu ya khungwa la mtengo wa mombo, imene ankaisula ndi chibonga mpaka itafewa. Pofuna kuti chide ankachiviika m'matope akuda a kudambo. Ine ndili mwana ndinawaonapo akudetsa mlaza wolukira madengu mwa njira yomweyo. Ndinkayesa ndi matope chabe amene amamatirira. Ndinadzamvetsa nditakula kuti m'makungwa ndi m'masamba ambiri muli chinthu chotchedwa tanini, chija chimaumitsa m'kamwa ukaluma nthochi yosapsa, ndipo m'matope a kudambo muli chitsulo. Ziwirizi zikakumana zimabala mtundu wakuda umene suchoka. Inki imene Azungu ankalembera makalata zaka mazana ambiri inkapangidwa motero. Agogo sanapite ku sukulu, koma sayansi imeneyi ankaidziwa ndi manja.

Mundilole ndinenepo pang'ono za kumene ndimakhala, chifukwa nsalu ndi malo amenewa zinakumana kalekale. Fort Lister ili pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi, pa njira yochoka ku Phalombe kupita kwa Nkhulambe. Linga limeneli linamangidwa mu 1893, Harry Johnston akulamulira dziko lino, pofuna kutseka njira imene amalonda a akapolo ankadutsa popita kunyanja yamchere cha ku Quelimane. Lero patsala zipupa zogumuka ndi manda. Ana a sukulu ndinkapita nawo kumeneko chaka ndi chaka, ndipo ndinkawauza kuti zinthu zimene ankagulira anthu zinali mfuti, onga, mikanda ndi nsalu. Mwa nsaluzo munali yoyera yotchedwa merikani ndi yakuda mobiriwira yotchedwa kaniki, imene inkanikidwa ku India ndi chomera cha indigo. Tsono taganizani, munthu wamoyo ankasinthanitsidwa ndi mikwamba ya nsalu. Chonsecho makolo athu thonje ankalidziwa. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zawozawo. Luso limenelo linafa pamene nsalu za m'mafakitale zinachuluka. Nawonso utoto wa zomera unagwa pa dziko lonse kuchokera mu 1856, pamene mnyamata wa zaka 18 ku London, William Perkin, anapanga utoto woyamba wa m'fakitale kuchokera ku phula la malasha. Pofika 1897 kampani ya BASF ku Germany inayamba kugulitsa indigo wopanga, ndipo alimi a indigo ku India anataya msika. Ife amene tinakula tikuvala zitenje za kwa David Whitehead ku Blantyre tinali titaiwala kale kuti mtundu ungachokere m'tchire.

Choncho mu 2022 ndinali ndi ntchito ziwiri. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinati mwambi umenewu ndi wa anthu aulesi. Lachisanu ndi Loweruka ndinali wa maluwa, masiku otsalawo ndinali wa miphika. Mvula inandipeza pakati pa mapanga awiriwo, ndipo inandivumbwa kawiri.

Kuvumbwa koyamba kunali kwa manyazi. Mnzanga wina wa kutchalitchi anaona nsalu zanga zoyamba zili pachingwe, zachikasu chowala ndi zofiirira, ndipo anandipempha kuti ndimukonzere nsalu zinayi za patebulo za pa chinkhoswe cha mwana wake. Zachikasuzo ndinanika ndi muzu wa chikasu, umene ena amautcha manjano, zofiirazo ndi chidede. Ndinazipanga mothamanga Lachinayi usiku chifukwa Lachisanu ndinali ndi maluwa a ukwati wina. Pa tsiku la chinkhoswe zinakongola ndithu. Patapita milungu itatu mayiyo anabwera nazo m'jumbo, osalankhula zambiri. Zachikasu zija zinali zitasuluka ndi dzuwa, zofiira zija zitasanduka zotuwa ngati chiguduli. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinabweza ndalama zake kuchotsa pa penshoni ya mwezi umenewo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti si chomera chilichonse chodetsa zala chimene chili utoto. Chikasu chimaopa dzuwa, ndipo mtundu wa chidede umasintha ukakumana ndi sopo.

Kuvumbwa kwachiwiri n'kumene kumandiwawa mpaka lero. Pabwalo pathu panali mtengo wa mango umene bambo anabzala mu 1988, chaka chimene tinamanga nyumba. Ndinamva kuti khungwa la mango limatulutsa mtundu wachikasu wabwino. Tsiku lina, ndili pa changu chomwecho, ndinatuma mnyamata waganyu kuti andisendere makungwa, ine n'kupita kukathirira marozi. Sindinamuuze kuti asende mbali imodzi yokha. Pobwera ndinapeza wasenda kuzungulira thunthu lonse. Mlandu si wake, ndi wanga. Ine amene ndinaphunzitsa ana zaka zambiri kuti chakudya cha mtengo chimatsika kuchoka kumasamba kupita kumizu kudzera m'kati mwa khungwa, ndipo ukadula njirayo kuzungulira mizu imafa ndi njala. Ndinamata ndowe ndi dothi, ndinamanga ndi masaka, koma mtengowo unafota pang'onopang'ono mpaka kuuma. Mwana wanga woyamba atabwera pa Khirisimasi anaima pamenepo nthawi yaitali. Anangofunsa kuti, "Amayi, mango a adadi aja atani?" Ndinasowa choyankha. Ndinabzala maluwa pofuna kukumbukira mwamuna wanga, koma ndinapha mtengo umene iye anabzala ndi manja ake.

Apa m'pamene ndinavomera kuti ndiyenera kusankha chimodzi. Koma kuvomera ndi kusankha ndi zinthu ziwiri. Ndinazengereza mpaka mwezi wa Malichi 2023. Nonse mukudziwa zimene namondwe wa Freddy anachita m'chigawo cha kummwera. Ife a ku Phalombe tinali titaonapo kale napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndipo sitinkayembekeza kuti tidzaonanso zotero. Kwa Nkhulambe midzi inakokoloka. Ine ndinachita mwayi, nyumba inatsala ndipo m'banja mwathu simunatayike moyo, motero sindingaime pano kumalira maluwa pamene anzanga anaika abale awo. Ndingonena kuti mabedi asanu ndi limodzi aja anakwiririka ndi mchenga ndi miyala, ndipo mipope ya madzi ochokera m'phiri imene timadalira inaduka. Kwa miyezi ingapo madzi tinkatunga kutali.

Nthawi imeneyo ndinasunga abale asanu ochokera kwa Nkhulambe, mwa iwo atsikana awiri amene sukulu yawo inali itatsekedwa. Madzulo ena ndinatenga kope lakale la sikimu, ndinalemba mzere pakati, mbali ina maluwa, mbali ina utoto, monga tinkachitira pokonzekera mtsutso m'holo muno. Ndikuuzani zimene ndinalemba, mwina zingathandize wina amene ali pa mphambano yotere, kaya iye akusankha pakati pa nkhuku ndi njuchi.

Choyamba ndinalemba madzi. Maluwa amafuna madzi tsiku lililonse, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene chigwa cha Phalombe chimatentha ngati ng'anjo. Ukadwala sabata imodzi, ntchito ya miyezi itatu yapita. Kunika nsalu kumafunanso madzi ambiri, makamaka potsukuluza, koma umasankha wekha tsiku. Ukhoza kudikira mvula n'kutchera madzi a padenga, amenenso ndi abwino kuposa a pachitsime chifukwa alibe mchere wosintha mtundu.

Chachiwiri ndinalemba thupi. Ndili ndi zaka zopitirira 60 ndipo mawondo ayamba kulankhula. Kuchotsa miyala m'munda, kugaula, kunyamula ndowa m'mawa ndi madzulo, zonsezi ndikanazitha zaka zingati? Mphika wa utoto ndi wolemera, koma ntchito yambiri, monga kumanga mfundo, kusoka ndi kutakasa, umagwira utakhala pampando.

Chachitatu ndinalemba ndalama. Sindinayambe ntchitozi kuti ndilemere, komabe penshoni ya mphunzitsi mukuidziwa, ndipo ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndinathokoza kuti mfundoyi ndinaiganizira. Kumudzi anthu amakonda maluwa koma sagula, amapempha. Ndani angalipiritse mnansi wake nkhata ya pamaliro? Msika wa maluwa uli ku Blantyre, ndipo duwa lodulidwa silingapirire ulendo wa pa minibasi nthawi yotentha. Nsalu imapindidwa, imalowa m'chikwama, imadikira wogula ngakhale chaka. Alendo okwera phiri amene amayambira ulendo wawo ku Fort Lister kupita ku Sombani amakonda kanthu kopepuka kopita nako kwawo.

Chachinayi ndinalemba chilengedwe, ndipo apa utoto unatsala pang'ono kugwa mayeso. Maluwa sapha mtengo. Utoto umafuna nkhuni ndiponso umakopa munthu kuti azisenda makungwa ndi kukumba mizu. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Tonse taona mmene mkungudza, mtengo wa fuko lathu, watheramo. Amene tinaona miyala ikutsika m'phiri sitifunikanso kuuzidwa ubwino wa mitengo. Ndinalemba m'kopemo lamulo lakuti ndikasankha utoto, sindidzasendanso mtengo wamoyo.

Chachisanu ndinalemba anthu. Maluwa ndinkayala ndekha, m'tchalitchi mopanda munthu, Loweruka madzulo. Anthu ankayamikira Lamulungu, pofika Lachitatu ndinkakataya kudzala. Koma atsikana awiri aja, amene ankangokhala duu osalankhula chichokereni kwawo, tsiku limene ndinatulutsa miphika anayamba kufunsa mafunso. Wamng'onoyo anamanga timiyala m'nsalu ndi ulusi, ndipo titamasula n'kuona timizere tozungulira toyera, anaseka koyamba m'nyumba mwanga. Matenda anga enieni anali kukhala ndekha. Ndinaona kuti ntchito imene ikubweretsa anthu pakhomo ndiyo mankhwala ake.

Ndinasankha utoto. Sindinasankhe mokondwa ayi. Lamulungu limene ndinapereka makiyi a kabati ya mitsuko kwa mayi wina wachitsikana, amene tsopano amayala maluwa kuposa ine, ndinabwerera kunyumba ndi mtima wolemera ngati ndaphwanya lonjezo la pamanda paja. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo ine ndinali nditagwa kale kawiri.

Tsopano ndikuuzeni mwachidule mmene ntchitoyi imayendera, chifukwa ena mwandifunsa pa nthawi ya tiyi. Nsalu iyenera kukhala ya thonje lenileni. Ine ndimagula mashiti oyera a pabedi pa kaunjika ku Migowi kapena ku Limbe. Pofuna kudziwa ngati ndi thonje, sololani kaulusi n'kukayatsa ndi machesi. Thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, pamene poliyesitala amasungunuka n'kusiya kambulu kolimba. Poliyesitala salandira utoto wa zomera, musataye nthawi. Mukapeza nsalu, iwiritseni ola limodzi kapena awiri m'madzi a sopo ndi soda, kapena m'madzi a phulusa osefa bwino ngati a chidulo, kuti mafuta ndi sitalichi zichoke. Madziwo amatuluka achikasu ngakhale nsalu ikuoneka yoyera.

Kenako pamabwera ntchito imene ndinaidumpha pa nsalu za chinkhoswe zija. Utoto wambiri sugwira thonje pawokha, umafuna nkhoswe. Nkhoswe yoyamba ndi tanini. Ndimaviika nsalu usiku wonse m'madzi a masamba a tiyi, amene kwathu kuno sasowa, kapena a masamba a bulugamu. Nkhoswe yachiwiri ndi alamu, mchere woyera wa mtundu umene amathira m'madzi a m'mipope kuti matope adikhe. Ndimagula ku sitolo ya mankhwala, ndipo ndimayeza magalamu 15 pa magalamu 100 alionse a nsalu youma. Nsalu ikagona m'madzi a alamu, ndiye yakonzeka kulowa mumphika wa utoto.

Mitundu yanga yonse tsopano imachokera ku zinthu zimene anthu amataya. Makoko ouma a anyezi, amene amayi a pamsika amandisungira m'thumba, amapereka chikasu chopita ku olenji. Nthangala ndi makoko a mapeyala amapereka pinki, koma moto ukhale wochepa, chifukwa mukabwatitsa kwambiri mtundu umapita ku khofi. Masamba a bulugamu othothoka okha amapereka mitundu ya khofi. Kwa kalipentala ndimakatola zopalapala za matabwa a mlombwa zimene akanazitentha, ndipo zimapereka kufiira kwa njerwa. Ndikafuna mtundu wotuwa kapena wakuda ndimatsata agogo, koma m'malo mopita kudambo ndimaika misomali yadzimbiri m'botolo la madzi ndi viniga kwa milungu iwiri. Madzi amenewo pang'ono chabe amasandutsa chikasu cha anyezi kukhala chobiriwira ngati tsamba lofota, ndipo khofi wa bulugamu amasanduka wotuwa mpaka kuda. Musachulutse, chitsulo chikachuluka chimadya nsalu. Ndi chimenechi chadetsa zikhadabo zangazi, chifukwa magolovesi ndimawaiwala.

Pali malamulo atatu amene sindiwaphwanya. Miphika ya utoto siphikira chakudya, ndipo ili ndi malo akeake kumene adzukulu safikako. Nkhuni zanga ndi mapesi a nandolo ndi zitsononkho pa mbaula ya chitetezo, ndipo m'chilimwe ndimangoika nsalu ndi utoto m'chidebe chakuda chotseka, n'kuchisiya padzuwa sabata yathunthu. Lamulo lachitatu ndi la mayeso. Mtundu uliwonse watsopano ndimadula kansalu, theka ndikuphimba ndi katoni, n'kukaika pawindo mwezi wathunthu, kenako ndikuchapa kasanu. Ukalephera sutuluka pakhomo panga. Zonse ndimalemba m'kope, tsiku, chomera, muyezo ndi kansalu komata pambali. Uphunzitsi sutha.

Sindikufuna kukunamizani kuti ndapeza mgodi. Miyezi ina sindigulitsa kanthu. Utoto wa zomera, ngakhale utakonzedwa bwino, suwala ngati wa m'fakitale, ndipo umafuna kuchapa ndi sopo wofatsa ndi kuyanika pamthunzi. Anthu ambiri kumudzi amakondabe chitenje cha m'sitolo, ndipo sindiwadzudzula. Mtundu wa buluu mpaka lero ukundikanika, chifukwa indigo ali ndi njira yakeyake yovuta imene ndikuphunzirabe. Koma Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse pakhonde panga pamakhala amayi ndi atsikana asanu ndi mmodzi, nthawi zina kuposa. Mmodzi wa atsikana a kwa Nkhulambe aja anagula yekha yunifolomu ndi makope ndi ndalama za mipango imene ananika. Namwino uja akandiyeza masiku ano amangogwedeza mutu n'kumwetulira.

Maluwa sindinawataye onse. Ndinasiya mzere umodzi wa maligodi m'mbali mwa nyumba, chifukwa safuna madzi ambiri ndipo nawonso amapereka chikasu chokhalitsa. Oyamba kuphuka ndimapita nawo kumanda. Otsalawo ndimayanika n'kuponya mumphika. Pamene panali mango paja ndinabzalapo wina, ndipo mwana wanga ndi amene anakumba dzenje.

Anzanga amene mwatsala pang'ono kupuma pa ntchito, musadikire kalata ya penshoni kuti muyambe kuganiza chochita. Yesani zinthu ziwiri kapena zitatu mukadali pa malipiro, pamene kulakwitsa sikupweteka kwambiri. Koma ikafika nthawi, sankhani chimodzi, ndipo posankha muyang'ane madzi a kwanu, mawondo anu, thumba lanu, ndi anthu amene ntchitoyo idzakubweretserani. Mnzanga amene amakhala ku Zomba kapena ku Thyolo, kumene kuli chinyontho ndiponso mahotela ndi maukwati ambiri, mwina akanalemba m'kope lomwelo n'kusankha maluwa, ndipo akanakhoza.

Pomaliza, Mayi Wapampando, ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, nsalu imene yayalidwa pa tebulo lanulo ndi mphatso yanga ku bungwe lathu. Chikasucho ndi anyezi, pinkiyo ndi mapeyala, mizere yotuwayo ndi bulugamu ndi misomali. Inakhoza mayeso a pawindo, choncho musaope, chaka chamawa mudzaipeza ili chomwecho. Ndikupempha kuti izigwiritsidwa ntchito, isakatsekeredwe m'kabati. Lachiwiri likupita kwa a Mphunzitsi Wamkulu. Khitchini ya sukulu ino imataya makoko a anyezi tsiku ndi tsiku. Mukandisungira m'thumba louma teremu imodzi, ine ndidzabwera ndi miphika yanga ndi alamu, pa ndalama zanga, kudzakhala Loweruka limodzi ndi ophunzira amene angafune, anyamata ndi atsikana omwe. Sukulu ino inandiphunzitsa kudula duwa mopendeketsa zaka pafupifupi 50 zapitazo, ndipo sindinabwezepo kanthu.